Minga Itatu ya Birimankhwe

Padangokhala, ndipo inu amene muli nane vomerani kuti tili tonse, padali Birimankhwe wina wogwira ntchito ya kafukufuku. Masiku amenewo nyama zidali ndi nyumba ya ophunzira kumene zinkafufuza za matenda ndi mankhwala, ndipo mkulu wa nyumbayo adali Njiri. Birimankhwe adali wanzeru, zimenezo palibe ankatsutsa, koma ntchito yake inkayenda monga amayendera mwini wakeyo: phazi m'mwamba, kuganiza kaye, kenako n'kuponda.

Iye ankafufuza za chifuwa chouma chimene chinkagwira ana. Mwana akachitenga ankatsokomola nyengo ndi nyengo, akuwonda, mpaka tsiku lina osadzukanso. Mwana mmodzi yekha amene Birimankhwe adali naye, kamtsikana kotchedwa Nthambi, adali atachitenga. Ndiye musaganize kuti mkuluyu ankavutikira ulemu. Ankangofuna kuti Nthambi akule.

Tsono zimene ofufuza apeza sizinkalengezedwa chisawawa. Ankazilemba pa khungwa n'kupita nazo kwa mayi Nungu, mkonzi wa Mtengo wa Makungwa. Mayiwo ankapereka khungwalo kwa oyesa atatu, akatswiri amene mwini khungwa sankawadziwa, kuti abwereze ntchito yonse ndi manja awo. Onse atatu akavomera, mayi Nungu ankazula munga umodzi pamsana pawo n'kukhomera khungwalo pamtengo kuti aliyense awerenge. Kuzula munga kumapweteka, ndipo wina sumera msanga, choncho sankazula mwachibwana. Khungwa la munga lidali lamulo. Asing'anga ankalitsata, ndipo Mphiri, msungi wa mankhwala oopsa, sankapereka kanthu kwa odwala popanda khungwa lotero.

Munga ukalowa m'khungwa, nkhanga zinkazungulira mudzi zikuimba. Nyimbo yake idali imodzimodzi nthawi zonse. Wotsogolera ankatchula dzina la wofufuza, gulu n'kuyankha kuti munga walowa ndipo mphepo siichotsa chimene munga wagwira, kenako onse pamodzi n'kuitana odwala kuti atchere khutu.

Vuto lidali lakuti makungwa odikira ankaunjikana. Ofufuza ena ankakalamba, ena kufa kumene, khungwa lawo lili pamulu. Zimenezi zinkawachititsa manyazi mayi Nungu.

Tsiku lina kudafika Kangaude wochokera kutali, wolankhula mofatsa, miyendo yonse yopukutidwa bwino.

"Mayi, makungwa anuwa amawerenga ndani?" adafunsa. "Nyama za nkhalango ino zokha. Ine ndili ndi ukonde wofika nkhalango zonse. Mukakhoma m'mawa, masana a kutsidya awerenga kale. Tigwirizane."

"Nanga oyesa?" adatero mayi Nungu.

"Muziwapeza pa ulusi. Kumapeto kwa ulusi uliwonse ndimaika dontho la mame. Mukayang'ana m'dontho la kuno mumaona khungu la amene ali uko, n'kumva mawu ake. Mwini khungwa azitchula yekha akatswiri odziwa nkhani yake, inu musamavutike kufunafuna."

"Akabweretsa bodza?"

"Pakati pa ukonde pali sefa. Imakumbukira makungwa onse a munga. Khungwa latsopano likatsutsana nawo limagwa pansi lisanafike n'komwe kwa inu."

"Inuyo mupindulapo chiyani?"

"Ukonde ukamagwedezeka ntchentche zimabwera zokha," adayankha Kangaude. "Inu muzingokhoma pafupipafupi."

Mayi Nungu adayang'ana mulu wa makungwa uja, n'kuvomera. Ine sindiwada, adali atatopa.

Pasanapite nthawi, Njiri adawerenga pa ukonde kuti ofufuza a kutsidya ali ndi minga yambirimbiri, ndipo nsanje idamukwera kumutu. Adasonkhanitsa ofufuza ake onse.

"Aliyense akhale ndi minga itatu tisanakolole," adatero. "Wopanda minga atuluke, miphika asiyire ena."

"Bwana, chifuwa sichifufuzika nyengo imodzi," adatero Birimankhwe.

"Ndiye fufuzani chimene chimafufuzika."

Birimankhwe adalibe munga ndi umodzi womwe. Kutuluka m'nyumbamo kunkatanthauza kusiya miphika, mizu, ndi ana odwala amene makolo ankabwera nawo kudzayesedwa. Ntchito ya Nthambi ikadathera pomwepo. Adafika kwawo thupi lonse lili bii, poti mtundu wawo nkhawa imaonekera pakhungu.

"Bambo a Nthambi, mwada chonchi bwanji?" adafunsa mkazi wake.

"Ndi dzuwa, amake Nthambi."

"Dzuwa liti? Kwachita mitambo chiyambire m'mawa."

Diso limodzi la Birimankhwe lidali pa mwana amene ankatsokomola pamphasa, linalo lidali litayamba kale kuyang'ana kwa Kangaude.

Adatenga khungwa n'kulemba kuti madzi a phulusa la zitsononkho amafewetsa chifuwa chouma. Adasankha phulusa dala, podziwa kuti silichiza koma silipha. Kenako adapita kwa Kangaude.

"Oyesa anga ali kutali," adatero. "A Chule a kudambo la kumpoto, a Nalimata a kumapanga, ndi a Gulo a kumiyala ya kum'mawa. Ndipatseni ulusi utatu ndikawapatsire."

"Ndinu wa makono inu," adatero Kangaude, akumupatsa.

Birimankhwe adakoka ulusi wonse utatu n'kukaumanga pa kamtengo ka kuseri kwa nyumba yake. Ulendo wa kumpoto, wa kumapanga ndi wa kum'mawa udathera pamenepo.

Mayi Nungu atagwedeza ulusi woyamba, iye adasanduka wobiriwira, n'kutsamiritsa nthiti pa dontho la mame.

"Ndi a Chule kodi? Mwabwereza ntchito ya phulusa ija?"

"Ndabwereza, mayi," adayankha ndi mawu a kukhosi. "Ana anga a m'dambo apepukidwa."

Pa ulusi wachiwiri adayera mbuu, n'kulankhula mwamanyazi ngati Nalimata, kuvomera chilichonse. Pa wachitatu adasandutsa mutu wake kukhala wa buluu. Apa ndiye padali nzeru zake, chifukwa ankadziwa kuti akatswiri atatu ovomerezana popanda kudandaula sadabadwe.

"Khungwali ndi lolembedwa moipa," adatero ngati Gulo. "Wolembayu sadziwa kuyala mfundo, ndipo sadatchule ntchito zanga. Koma phulusalo likugwira, ndavomera monyinyirika."

"Uyu ndiye katswiri weniweni," adatero mayi Nungu, n'kuzula munga.

Nkhanga zidazungulira ndi nyimbo ija, wotsogolera akutchula dzina la Birimankhwe, gulu likuyankha za munga ndi mphepo. Nthambi adadzuka pamphasa n'kukwawira pakhomo.

"Ababa, akutchula inu," adatero, akumwetulira pakati pa kutsokomola.

Khungwa lachiwiri lidati phulusa limaposa mizu yonse yowawa. Sefa idalidutsitsa mosavuta, poti linkagwirizana ndi loyamba. Koma mayi Nungu adali ndi kamtima kokayika, ndipo tsiku limenelo adagwedeza ulusi uwiri nthawi imodzi.

"Ndikufuna a Chule ndi a Gulo amvane ine ndikumva," adatero.

Wina akadathawa. Birimankhwe adadzitambasula pa nthambi, mchira pa dontho lina, mutu pa dontho lina, mchira wobiriwira, mutu wa buluu, diso ili kuno, ili uko.

"A Gulo, mwadzuka bwanji ku miyalako?" adayamba ndi mawu a kukhosi.

"Musandipatse moni, a Chule. Inu mumayesa mankhwala m'madzi a matope."

"Matope athu amachiza kuposa mwano wanu."

Adakangana yekhayekha mpaka mayi Nungu adachita kuwaleretsa, kuopa kuti akatswiri awiri angadane chifukwa cha iwo. Munga wachiwiri udalowa, nkhanga zidaimba, ndipo ulendo uno Nthambi adaimba nawo mbali ya gulu, poti adali ataigwira.

Madzulo ake Birimankhwe adapeza mkazi wake akusungunula phulusa m'chikho.

"Mukutani, amake Nthambi?"

"Ndikumupatsa mankhwala anu. Amayi onse akupatsa ana awo. Kapena pali cholakwika?"

"Musachulutse," adatero.

Ndipo zidalidi choncho, kuno ndi kutsidya komwe. Asing'anga adasiya kufunafuna mizu, poti mankhwala adali atapezeka ndipo adali m'khitchini mwa aliyense. Ana ankamwa phulusa, n'kumafabe monga kale, ndipo amayi ankadziimba mlandu okha kuti mwina sadasungunule bwino. Birimankhwe ankaziona zonsezi, mtima unkamuwawa, koma ankadziuza kuti watsala munga umodzi basi.

Pa khungwa lachitatu mayi Nungu adamuitana.

"A Birimankhwe, oyesa anuwa amadandaula, inde, koma sadakanepo kanthu. Ulendo uno ndifuna ndipeze anga."

"Mwanena zoona, mayi," adatero iye mofatsa. "Ingowafunsani komaliza, poti khungwa ali nalo kale. Ine ndikuopa a Gulo, adandilonjeza zoopsa."

Adathamanga, ngati kuyenda kwa birimankhwe kungatchedwe kuthamanga, n'kukafika kuseri kwa nyumba ulusi ukugwedezeka. Mutu udachita buluu.

"Ndakana," adatero ngati Gulo. "Wolembayu ndi wamantha. Pali ena amatama ululu wa Mphiri kuti ungachize chifuwa. Anene poyera kuti ululuwo ulibe ntchito, ndipo umapha mwana wodwala. Akapanda kulemba zimenezo, khungwali likasonkhere moto."

Mawu amenewa adangomubwerera pakamwa, chifukwa udindo wa Gulo udali utamukomera kwambiri. Ululuwo adali asanauyesepo n'kamodzi komwe. Mayi Nungu adakondwa kuti tsopano papezeka wokana, ndipo za kufuna oyesa ena adaziiwala. Adamuuza Birimankhwe zofuna za a Gulo, iye n'kudandaula pang'ono monga amachitira olemba onse, kenako n'kuonjezera mzere uja pansi pa khungwa. Munga wachitatu udalowa. Nkhanga zidaimba, Nthambi adaimba nawo atagona, ndipo Njiri adamutcha Birimankhwe mzati wa nyumba ya ophunzira.

Ena anzake adaona njira ndipo adaitsata, aliyense ndi chinyengo chake. Ukonde unkagwedezeka usana wonse, Kangaude ankanenepa, mayi Nungu ankangozula.

Atakolola, Birimankhwe adabwerera ku ntchito yake yeniyeni. Mizu yonse adali atayesa kale, ndipo chidatsala chidali chimodzi chokha. Mwa mwambo, Mphiri ankapereka dontho limodzi la ululu kwa wofufuza aliyense wa m'nyumbamo, kamodzi kokha, loti ayesere. Birimankhwe adakatenga lake, n'kulisungunula m'chipanda cha madzi ndi uchi. Adayamba kumwetsa pang'onopang'ono ana amene makolo awo, atatopa ndi phulusa, ankabwera nawo mwakachetechete. Nthambi sadamumwetse. Ankaopa, ndipo ndinene mosabisa, adaona kuti ndi bwino kuopsa kuyambire pa ana a eni.

Mwana wa Nkhwali adachira. Mwana wa Mbewa, amene adabwera naye atanyamulidwa, adabwerera kwawo akuthamanga. Birimankhwe ankafunabe kutsimikiza, n'kuyesa wina, n'kuyesanso wina. Pamene mtima wake udakhazikika kuti mankhwala ndi amenewa, m'chipanda mudali mutauma.

Adapita kwa Mphiri.

"Akulu, ndipatseni dontho lina. Ndapeza mankhwala a chifuwa."

Mphiri adatsegula diso limodzi. "Lanu loyesera mudatenga. La odwala limatuluka ndi khungwa la munga."

"Minga ndili nayo itatu."

"Ndidawerenga. Wachitatuwo umati ululu wanga umapha mwana wodwala. Mukufuna ndiphe wanu?"

"Khungwa limenelo lidalakwitsa."

"Ndiye bweretsani lina lonena choncho. Ine ndine waulesi, a Birimankhwe, koma lamuloli ndi limene limandiletsa kukhala wakupha."

Birimankhwe adalemba khungwa lachinayi, loona lokhalokha, n'kuliika pa ukonde. Lidayenda mpaka pakati, n'kugwa pansi. Adalitola, kuliikanso, lidagwanso.

"Sefa yanu yaonongeka," adauza Kangaude.

"Ili bwinobwino. Khungwa lanu likutsutsana ndi makungwa atatu a munga."

"Atatuwo ndi anga omwe. Ine ndidalemba, ine ndikusintha."

"Sefa sidziwa za mwini. Imadziwa kuti akatswiri atatu adavomera katatu. Inu ndinu mmodzi."

Adabwerera kuseri kwa nyumba, mutu n'kuchita buluu, n'kugwedeza ulusi yekha. Adalankhula ngati Gulo kuti wasintha maganizo, ululu ndi wabwino, khungwa lachitatu lichotsedwe. Adadikira yankho la mayi Nungu, koma adayankha ndi Kangaude.

"Pepani a Gulo, mawu anu agwa pa sefa. Akutsutsana ndi zimene a Gulo adavomera."

Adayesa ngati Chule, adayesa ngati Nalimata, zonse zidagwa chimodzimodzi. Msampha adautchera bwino kwambiri, moti mwini wake yemwe sadaupezere polowera. M'nyumba Nthambi adali atasiya kukwawira pakhomo, ndipo kutsokomola kwake kudali kutachepa mphamvu.

"Bambo a Nthambi," adatero mkazi wake, "mwana wa Mbewa akusewera panja. Amake akuti mudamumwetsa za m'chipanda. Nanga wathuyu bwanji akumwa phulusa?"

Iye adamuuza zonse, kuyambira pa ulusi wa kuseri. Mkaziyo adamvetsera osadula mawu, kenako adatenga chikho cha phulusa n'kukachikhuthulira panja.

"Pitani kwa mayi Nungu ndi miyendo yanu," adatero.

Adapita. Adaima pamaso pa mkonzi, n'kusanduka wobiriwira. Kenako adayera mbuu. Kenako mutu udachita buluu, ndipo adanena ndi mawu aja a Gulo kuti khungwali ndi lolembedwa moipa.

"A Gulo ndinkawakonda," adatero mayi Nungu. "Ndinkati ndapeza mnzanga wosanyengeka."

"Mayi, ndilangeni mmene mungafunire. Koma khungwa ili ndi loona. Likhomeni lero, mwana wanga akufa."

"Ndikhome ndi chiyani? Zungulirani muone."

Birimankhwe adazungulira. Msana wa mayi Nungu udali mbee, khungu lokhalokha la zipsera, popanda munga ndi umodzi womwe. Pafupi ndi khosi padali kansonga kofewa kamene kankangoyamba kumera.

Tsiku lomwelo mayi Nungu adagwetsa makungwa atatu a phulusa, ndi ena ambiri okayikitsa, ndipo adadula ulusi wa Kangaude pamtengo. Kangaude sadakwiye. Adati za phulusa zidafika kale nkhalango zonse ndipo ulusi wake subweza mawu, kenako adapinda miyendo n'kupita kukafuna mkonzi wina wotopa. Njiri, amene dzana ankamutcha Birimankhwe mzati, adamutulutsa m'nyumba ya ophunzira, akunena kuti iye adamukayikira chiyambire.

"Khungwa lanu ndilipereka kwa oyesa enieni," adatero mayi Nungu, "koma lopanda dzina, chifukwa dzina lanu palibe angalikhulupirire. Mphiri awapatsa madontho oyesera. Akavomera, ndipo mungawu ukakhwima, ndikhoma."

"Ndiye Nthambi akhale mwa ana oyesedwawo."

"Mwana wa mwini khungwa salowa m'mayeso. Lamulo limenelo ndidalipeza, ndipo pambuyo pa zimene mwachitazi sindingalipinde. Nyama zikamva kuti mwalowetsamo dzanja, zidzati ili nalonso ndi bodza, ana onse n'kubwerera ku phulusa."

"Mayi, ndikugwadirani."

"Dzukani. Mukundipweteka chabe."

Birimankhwe adali ndi nzeru imodzi yotsala, yomwe ija ya masiku onse. Mmodzi mwa oyesa enieni adali mayi Gologolo, amene ankalandira ana odwala pabwalo lawo. Birimankhwe adakhala pamphasa pafupi ndi Nthambi.

"Mwanawe, ukudziwa kuyera ngati Nalimata?"

"Ndatopa, ababa."

"Yesa pang'ono. Ndi masewera. Iwe ndi amako mukhala a Nalimata, mupita kwa mayi Gologolo kukamwa uchi."

Kamwanako kadayesa, kadalephera, kadayesanso. Kusintha khungu kumafuna mphamvu, ndipo iko kadalibe, koma pofuna kukondweretsa bambo ake kadayera mbuu mpaka kumchira. Amake adayeranso, n'kukabereka kumbuyo. Birimankhwe adawatsatira chapatali, n'kukwera kamtengo ka pafupi ndi bwalo, n'kusanduka mtundu wa masamba.

Mzere udali wautali. Nthawi yawo itakwana, mayi Gologolo adatunga mankhwala ndi kasupuni, n'kugwada pafupi ndi mwanayo. Adali mayi wachifundo, wokonda kucheza ndi ana kuti asaope kuwawa.

"Kamwana kokongola iwe, yasamula. Bambo ako ndani?"

Amake adafuna kuyankha, koma adachedwa.

"A Birimankhwe," adatero Nthambi. "Aja nkhanga zimawaimba aja."

Ndipo ndi kamawu kotsala kaja adayamba nyimbo ija, kutchula dzina la bambo ake monga amachitira wotsogolera, n'kudikira kuti gulu liyankhe. Pamzere padalibe adayankha. Kuimbako kudamutha mphamvu, ndipo khungu lake lidabwerera mtundu wake aliyense akuona.

Kasupuni kadali pafupi ndi pakamwa. Mayi Gologolo adayang'ana mwanayo, adayang'ana amayi a pamzere amene onse adali maso pa iwo, ena mwa iwo ataika kale ana awo m'manda chifukwa cha phulusa.

"Ndikamupatsa, mayeso onse afa," adatero motsitsa. "Mundikhululukire, mayi."

Adabwezera mankhwalawo m'chipanda.

Amake Nthambi sadakangane. Adabereka mwana wawo n'kutembenuka, ndipo podutsa pansi pa kamtengo kaja adalankhula osayang'ana m'mwamba.

"Tsikani, bambo a Nthambi. Mwana akufunsa ngati waimba bwino."

Adatsika, n'kumuuza kuti waimba bwino kwambiri.

Oyesa adagwira ntchito yawo mosamala, monga inkagwiridwira kale, ndipo onse atatu adavomera. Munga wa mayi Nungu unkakula mwa nthawi yake, poti munga suumva kuchonderera. Birimankhwe ankapita m'mawa uliwonse kukauona, ndipo mayiwo ankamulola kuukhudza, uli wofewabe. Nthambi adamwalira mvula yoyamba isanagwe. Pamaliro padabwera nyama zochepa, ndipo Mbewa ndi amene adathandiza kukumba manda.

Mvula itagwa munga udakhwima. Mayi Nungu adauzula, n'kukhoma khungwa lopanda dzina lija. Nkhanga zidazungulira mudzi monga mwa mwambo, koma pofika pamalo potchula wofufuza wotsogolera ankangokhala chete kamphindi, gulu n'kuyankha za munga ndi mphepo, onse n'kuitana odwala.

Mphiri adatsegula nkhokwe yake, ndipo amayi adandanda ndi zikho kuchokera pakhomo pake mpaka kunjira. Birimankhwe atamva nyimbo adatenga chikho n'kutuluka. Mkazi wake adamuona koma sadamuletse. Adaima pamzere tsiku lonse, akusendera pang'onopang'ono ndi kayendedwe kake kaja, palibe womulankhula, mpaka adafika kutsogolo.

"Mwabwera nalo khungwa lija, a Birimankhwe," adatero Mphiri. "Lero sindikukanizani. Wodwala ndani?"

Birimankhwe adayang'ana m'chikho. Kumbuyo kwake kudali mayi wina wa Nalimata, mwana akutsokomola kumsana, wopanda chotengera. Adamupatsa chikhocho, n'kupatuka kuti adutse.

Nthano yathera pompo. Mbatata yanu kaphuleni nokha, ine lero sindidya.